Mmene Ambuye anabwezera mawu a Esime

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine mayi wa ana atatu, ndipo zaka zanga zambiri zathera m'minda ya tiyi cha kuno ku Makwasa, dengu lili kumsana. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga woyamba, Esime, amene ndinatsala pang'ono kumutaya ali moyo.

Bambo a ana anga ankagwira ntchito ku fakitale. Anadwala chifuwa nthawi yaitali, ndipo anatisiya chaka chotsatira njala ija ya 2002. Ine ndikakhala kumunda amene ankawadwazika anali Esime, ndipo tsiku limene anatsirizika anali nawo yekha. Ndinamupeza atakhala pansi atawagwira dzanja, osalira. Kuyambira pamenepo mwana wanga anangoti zii. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu, maso ali pansi.

Anali Fomu 2 pa sekondale yoyendera. Mwana amene ankatopetsa aphunzitsi ndi mafunso anayamba kubwera ndi makope osalembamo kanthu, kenako analekeratu kupita. Ku chipatala cha mishoni anamuyeza, akuti m'thupi mulibe matenda. Azimayi a mpingo anabwera kudzapemphera naye, koma panalibe chosintha. Anthu anayamba kunong'onezana kuti walodzedwa.

Tsiku lina achimwene anga anabwera kuchokera ku Nsabwe. Anati, "Achemwali, mwanayu sukulu yamukana. Kwathu kuli bambo wina akufuna mkazi wachiwiri, ndipo zoti salankhula alibe nazo ntchito. Mvula ikayamba ndidzamutenga." Esime anali pakhonde ndipo anamva zonse, koma sanatukule n'komwe mutu. Ine mphamvu zokana ndinalibe, chifukwa sindinkadziwa kuti ndimuthandiza bwanji.

M'mawa mwake ndinalephera kuthyola tiyi. Ndinagwada pakati pa mizere, anzanga atapita patsogolo, ndipo ndinati, "Ambuye, za mwamuna wanga ndavomera. Koma mwanayu ndibwezereni." Mawu ena opempherera ndinalibe.

Sukulu zitatseka, analengeza kutchalitchi kuti yunivesite ina yatumiza ophunzira ake kudzaphunzitsa ana masamu, sayansi ndi Chingerezi mwaulere pa pulaimale ya pa esiteti. Ndinkachita manyazi kupita naye mwana woleka sukulu, komabe ndinamugwira dzanja, tinapita. Pakhomo tinakumana ndi mtsikana wina wa ku yunivesiteko, dzina lake Eluby. Nditamufotokozera, anandiyankha m'Chilomwe chathu, kuti nayenso mayi ake anamwalira iye ali ku sekondale. "Mayi, musiyeni kuno. Sitimukakamiza kulankhula, azingokhala pafupi ndi ine."

Masiku oyamba palibe chinachitika. Esime ankapita chifukwa ndamutuma, ankabwerako monga anapitira. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo mtima wanga unali m'mwamba.

Ndiye tsiku lina madzulo, ndikutula dengu pakhomo, iye anatola tsamba limene linatsalira m'dengumo. Analitembenuza, n'kunena bwinobwino kuti, "Amayi, tsambali limapuma. Kunsi kwakeku kuli timabowo. Achemwali a Eluby anabwera ndi makina okulitsa zinthu, ndationa ndi maso angawa."

Ndinangokhala pansi pomwepo. Ndinati, "Nenanso, mwana wanga." M'malo monena, anayamba kulira, kulira kumene sanalire pa maliro. Atatonthola anandiuza chimene chinamutseka pakamwa. Tsiku lija bambo ake anapempha madzi, mumtsuko munalibe, ndiye anathamangira kumpope n'kupeza mzere wautali. Pobwerera anawapeza atapita kale. Miyezi yonseyi mwana wanga ankakhulupirira kuti anawapha ndi kuchedwa kwake. Anali atamuuza Eluby masana omwewo, ndipo Eluby anamulimbikitsa kuti adzandiuze ine. Ndinamukumbatira n'kumuuza zimene adokotala anali atandiuza kale, kuti bambo ake sakanachira ngakhale madziwo akanafika msanga. Ine sindinaganizepo kuti mwanayo ankafunika kumva zimenezi.

Sikuti anachira tsiku lomwelo, ayi. Panali masiku ena amene ankabwereranso m'chete mwake. Koma achimwene atabwera ndi mvula yoyamba, anawayankha Esime mwiniwake atagwada: "Atsibweni, pepani, ine ndikubwerera kusukulu." Iwo anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Ngati walankhula yekha, ine ndine ndani?"

Anabwereza Fomu 2. Tchuthi chotsatira anali m'gulu la ana amene anawatenga kukaphunzira ku yunivesite komweko kwa masiku angapo, ndipo anabwerako ndi nkhani zosatha. Lero akuphunzira unamwino.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha ana a eni aja amene anasiya tchuthi chawo kudzakhala ndi ana athu. Inu amene muli ndi mwana wosweka mtima m'nyumba, musafulumire kugamula kuti zake zatha. Pempherani, ndipo mukamva kuti kwinakwake kwatseguka khomo, mugwireni dzanja mupite naye, ngakhale anthu akuyang'aneni. Ine ndinapita ndi manyazi, Ambuye anandibwezera mwana. Amen.