Mmene Nkhani ya Esinati Inafikira pa Wailesi

Zaka zija mafoni asanafike m'midzi muno, kunabwera bambo wina wa ku Blantyre kudzatiphunzitsa kulemba nkhani zopeka mu holo ya tchalitchi ku Milepa. Inu lero mukupita ku maphunziro otere pa kabaza, koma ife tinkayenda wapansi, titachoka kothyola nandolo, manja akadali akuda.

Aphunzitsiwo ntchito ankaidziwa, zimenezo sindikana. Anatiphunzitsa kuti munthu wa m'nkhani azifuna chinthu, ndipo pazikhala chomutchinga. Kenako anati aliyense alembe chimene chimamupweteka mumtima, zonse zithera m'holo momwemo.

Mnzanga Esinati anawakhulupirira. Analemba za mwamuna wake, kalipentala wotsimphina, amene anapereka mimba kwa mng'ono wake wa Esinatiyo, wa bere limodzi, ndipo banja linabisa, n'kumauza anthu kuti mwanayo ndi wa munthu wongodutsa. Anatiwerengera tonse m'kalasimo. Aphunzitsi anaomba m'manja, n'kutenga pepala lija ati akalikonze.

Mvula isanagwe, tinaimva nkhaniyo pa wailesi ili sewero. Aphunzitsi aja anangosintha dzina la Esinati basi. Kalipentala wotsimphina anamusiya momwemo, Milepa anamutchula. Ana anga, kuno kalipentala wotsimphina analipo mmodzi yekha. Kutacha, azimayi pamjigo ankangokodolana. Mng'ono uja anathawira ku Limbe n'kusiya mwana, mwamuna analongedza zida zake kubwerera kwawo, ndipo amake a Esinati mpaka anamwalira osalawanso chakudya chophika Esinatiyo.

Ine ndinakwera minibasi kukawapeza aphunzitsi aja ku ofesi kwawo. Anandipatsa mpando akumwetulira, n'kundiuza kuti sewerolo anthu alikonda kwambiri, ndipo nkhani yopeka siikhala ya munthu.

"Yopeka?" ndinawafunsa. "Mwana akulira amake kwathu kuja munamupeka ndinu?"

Anangoyang'ana wotchi. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira, chifukwa m'kalasi lonse lija wolemba weniweni anali Esinati, ndipo kuchokera pamenepo sanalembenso kanthu. Mwana uja anamulera yekha, anthu akumuloza zala.

Pitani mukaphunzire, ana anga, sindikukuletsani, kulemba n'kwabwino. Koma mnzanu akakuwerengerani za kumtima kwake, musanatuluke nazo pakhomo mufunseni kaye, chifukwa inu mukakwera galimoto kubwerera, iye amatsala m'mudzimo ndi abale ake.