Timu ya Malemu Hudson

Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti ya Mzuzu, anthu ankausa mvumbi. Fiskani anali atafungata kompyuta yokulungidwa m'chitenje, ndipo bambo wina wa ambulera anasuntha kuti amupatse malo.

"Yewo, adada."

"Mwanayo akudwala chiyani?"

"Ndamupweteka ndekha. Ndinaikamo gemu yatsopano ya mpira, koma inakana, ati dalaivala, pulogalamu yoyendetsa khadi ya zithunzi ija, ndi wakale. Nditaika watsopano, sikirini yangoti bii."

"Khadi yokalamba siyisenza magemu a masiku ano. Ndiye mukupita nayo kuti?"

"Kwa wokonza. Akuti afufuta zonse, ayambirenso."

"Muli chiyani m'menemo?"

Fiskani anayang'ana pansi kaye.

"Timu ya mkulu wanga, malemu Hudson. Anaimanga zaka zitatu pa gemu yakale. Osewera onse anawapatsa mayina a anzake a m'dera lathu la Geisha, goloboyi ndine. Zinkayenda bwinobwino, koma ine dyera."

"Musalole, achimwene. Muwauze angochotsa dalaivala watsopanoyo, abwezeretse wakale."

"Zimatheka?"

"Zimatheka chomene. Ine ndinazimva mochedwa. Yanga anafufuta ndili chiimire pomwepo, ndikuthokozanso. Zithunzi za malemu mkazi wanga zinapitira momwemo."

"Pepani, adada."

"Mulungu akudziwa. Gemu yatsopanoyo ingoiwalani."

"Ndaiiwala kale. Mvulayi ikangokata ndikawauza."

"Iyi ya Mzuzu? Mufika atatseka. Tengani ambulera yangayi, goloboyi asanyowe."