Wodzandilankhulira Ndikadzakhala Chete

Pamzera wa kuchipatala, bambo ena achikulire ankangotembenuza pepala m'manja, akulakalaka wina atawafunsa. Mayi amene anakhala nawo pabenchi anawamvera chisoni.

"Bambo, pepalalo litha ndi thukuta. Ndi la mankhwala?"

"Ayi mayi, ndi mawu anga kwa madokotala. Ndikadzafika posalankhula, asadzandilumikize kumakina. Adzangondichepetsera ululu, ndidzapite mwamtendere. Lero ndabwera kudzalembetsa wodzandilankhulira."

"Wodzakulankhuliraniyo si akazi anu?"

"Iii, amenewo? Ndikangoyetsemula amayamba kulira. Angadzandisunge pamakina mpaka ndichite dzimbiri."

"Nanga mwana wanu woyamba?"

"Ameneyo amandikonda mpaka makutu anatseka. Ndasankha mpongozi wanga, mkazi wakeyo."

"Mpongozi! Ana anu onse mwawadumpha? Kunyumbako kudzayaka moto!"

"Uyake ndikadali moyo, ndiuzimitse ndekha. Mayi, zaka zisanu ndakhala ndikunena kuti mu tiyi wanga asamathiremo shuga. Onse amati 'chabwino bambo,' kenako n'kuthira kasupuni mobisa, ati chikondi. Mpongozi wangayo yekha ndiye amandipatsa tiyi wowawa."

"Ndiye kuti amadana nanu!"

"Amandimvera, mayi. Tsiku limenelo sindidzafuna wondithirira shuga."