Katoni Pansi pa Nsanja

Bwana wa ofesi yosamalira nsanja za mafoni, munthu woti akati mbuzi ndi nkhosa ndiye kuti ndi nkhosa basi, anaitanitsa injiniya kuti asainire zoti nsanja yakale ya kuseri kwa ofesiyo ingasenze madishi ena atsopano. Tsoka lake, injiniyayo anali mlamu wake, mlongo wa akazi awo, munthu woti ukamuuza kuti dikira pakhomo, umupeza ali chiimire pomwepo ngakhale mvula igwe.

"Alamu, sainani apa," anatero bwana. "Madishi afika kale, akungowauka padzuwa."

Injiniya anaika mabuku awiri patebulo, lina lopyapyala lothothoka chikuto, lina lonenepa ngati njerwa.

"Tiyeze ndi buku liti, alamu?"

"Akusiyana pati?"

"Lakaleli likuti nsanja ili bwino. Latsopanoli likuti mwendo umodzi ndi wofooka, tiyambe tawonjezera zitsulo ndi kusintha mabawuti."

"Nanga mukufunsiranji? Tengani lomwe likutikondalo!"

"Buku silikonda munthu, alamu. Ndi mapepala."

"Aaa, inunso! Ndikunena lakalelo. Nsanja inamangidwa ndi buku limenelo, akalamba limodzi. Ife ndife yani kuti tithetse banja lawo?"

"Nthawi imeneyo inkasenza madishi awiri okha. Pano yabereka ngati papaya."

"Yagwa?"

"Sinagwe."

"Eya!" Bwana anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira m'sosala.

"Sinagwe chifukwa mphepo yake sinafike."

"Kodi mphepo imawerenga mabuku?"

Injiniya anayang'ana kudenga, kuliganizira funsolo mofatsa ngati la mayeso.

"Siwerenga. N'chifukwa chake timaiwerengera ndife."

Bwana anapuma mwamphamvu. Munthu uyu akanakhala wantchito wamba, bwenzi atapakira kalekale. Koma ungachotse bwanji mlamu, madzulo n'kukadya kwa mlongo wake?

"Njira yofewerapo ilipo," anapitiriza injiniya. "Ngati pansi pa nsanja sipakhala munthu, sitikhwimitsa kwambiri, poti ikagwa ingopha udzu."

"Basi zatha! Kuseriko ndi tchire lokhalokha."

"Amakhalako mmodzi."

"Mlonda?"

"Mlonda amakhala pageti. Uyu amabwera masana, nthawi ija inu mumakhala muli kumsonkhano. Amayala katoni yaikulu kuseri kwa kanyumba ka jenereta, n'kuvula nsapato, n'kuphimba nkhope ndi nyuzipepala. Ndakhala ndikumuona ndili pamwamba."

Kapu ya tiyi inaima panjira, isanafike pakamwa pa bwana.

"Nkhope munaiona?"

"Ayi. Dazi lokha. Limang'anima mpaka kundithobwa m'maso."

Bwana anatenga chipewa chomwe chinali patebulo n'kuvala, m'nyumba momwemo.

"Ndiye tinene kuti, mwachitsanzo chabe, yagwa. Igwera kuti?"

"Mwendo wofookawo ndi wa mbali yomweyo. Ifikira pakatoni penipeni. Iyambira pamimba, poti ndiye pokwera."

"Mayo!"

"Mwati bwanji, alamu?"

"Tiyiyu watentha. Komabe munthu mmodzi si anthu. Buku lakale!"

"Chabwino. Ndiye timuthamangitse. Mawa masana ndibwera ndi mlonda ndi galu wake, timujambule, chithunzi titumize kulikulu."

"Galu? Kulikulu? Mulibe chisoni inu? Mwina munthuyo ndi wotopa. Mwina kwawo sapeza mpumulo. Mwina mkazi wake amamudzutsa mbandakucha kuti akathamange, ati mimba iphwe!"

"Ngati achemwali anga."

"Ine sindinatchule munthu!"

"Ndiye timusiye azigona?"

"Musiyeni."

"Ndi buku lakale?"

"Eee. Ayi! Dikirani kaye." Bwana anapukuta thukuta ndi tayi. "Bwanji angosamukira kwina mwakachetechete?"

"Mukamuuza ndinu? Mumadziwana?"

"Ine? Ndidziwana naye kuti munthu wogona pakatoni?"

"Sangasamukenso," anatero injiniya. "Anasankha mwanzeru. Madishi amaponya netiweki kutali, pansi penipeni pa nsanja foni imavuta kugwira. Munthu akagona pamenepo, womufuna amangomva kuti nambala sikupezeka."

"Eetu," anatero bwana motsitsa mawu, maso ali pawindo. "Malo ngati amenewo sapezekapezeka."

"Ndiye zili chonchi, alamu. Munthu achoke, tiyeza mofewa. Munthu akhale, buku latsopano. Njira yachitatu ndi maliro."

Kunja kamphepo kanaomba, ndipo nsanja inati kwiii pang'ono chabe. Bwana anadzidzimuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Anakankhira kumbali buku lopyapyala lija, nakokera lonenepalo pachifuwa pake.

"Madishi adikire. Zitsulo muike zonse, mabawuti musinthe onse. Kodi palibenso buku lina laukali kuposa ili?"

"Ili ndi lokwanira."

"Muwonjezereko ndithu. Moyo wa munthu, ngakhale mlendo, si chinthu choseweretsa. Ine ndakhala ndikunena zimenezi nthawi zonse."

"Simunanenepo, alamu."

"Ndanena lero! Tulukani!"

Injiniya ananyamula mabuku ake awiri, nakafika pachitseko, kenako anatembenuka ngati wakumbukira kanthu kakang'ono.

"Paja ndikanaiwala. Achemwali anandituma. Akuti mukamapita kunyumba mutengeko katoni ija, ndi ya filiji yawo."