Sitandi Yosathawa Njovu

Pamzere wolipirira m'sitolo ya makamera, wojambula maukwati wina anali atanyamula sitandi yopyapyala ya miyendo itatu, mtima uli m'malo kuti watola chotchipa. Mayi amene anali kumbuyo kwake anaiyang'ana n'kuseka.

"Achimwene, kameneka n'koyanikapo masokosi?"

"Ayi mayi, n'koikapo kamera. Maukwati andikwana, mawa ndikukajambula njovu."

"Ndi lenzi yaitali ngati mpope yomwe yasuzumira m'chikwamamo? Mphepo ikangotsokomola, kameneka kagwada ngati mkamwini. Tengani ya miyendo yonenepa iyo, muitsamire ndi thupi lonse. Ikanjenjemera, isiyeni."

"Koma kulemera kwakeko! Nanga njovu ikandithamangitsa?"

"Mumaisiya pomwepo. Ine inandithamangitsapo, ndinataya ndi nsapato zomwe. Sitandi yanga sinasunthe, kamera ikungojambula vidiyo."

"Ndiye njovuyo inaoneka bwino?"

"Sinalowemo n'komwe. Muli ine ndekha, liwiro la mtondo wadooka, ndikuitana amayi anga amene anamwalira kalekale. Koma kuoneka kwake, achimwene, kosagwedera ngakhale pang'ono! Ana anga amaonetsa mlendo aliyense."

Wojambulayo anachoka pamzere n'kukanyamula yolemerayo.