Pulogalamu Yafufuta Bambo Ake

Pamzera wa kwa okonza makompyuta, mayi wachikulire anayamba kufunsa mnyamata amene anakumbatira kompyuta ngati khanda.

"Yatani, mwananga? Yafa?"

"Ayi mayi, ikugwira. Ndi ya amayi anga. Ine ndimalemba mapulogalamu. Ndinayamba kupanga yanga yosanja mafayilo, poti yobwera ndi kompyuta imanditopetsa. Pano sindikudziwa ngati ndipitirize."

"Chakuletsa n'chiyani?"

"Ndinaiyesera pa iyi. Ikapeza mafayilo a dzina limodzi, imasiya imodzi n'kufufuta enawo. Ndiye amayi anga, chithunzi chilichonse cha malemu bambo, m'foda iliyonse, anachitcha 'Amuna anga'."

"Zatsala zingati?"

"Chimodzi. Bambo anatembenuka, nkhope sikuoneka."

"Iwe ulibe kompyuta yako yoyeserapo?"

"Ndili nayo. Ndinaopa kuti ingandionongere zinthu."

"Ha! Zako ndi zinthu, za amako ndi zinyalala? Wawauza?"

"Ayi. Akunyadira kwa anzawo kuti mwana wawo akuwakonzera kompyuta."

"Pulogalamu yakoyo uisiye. Akalephera kuzibweza muno, ukawauze wekha ndi pakamwa pakopo."

"Ndiyamba bwanji, mayi? Dzulo andipempha ndiwasindikizire chija bambo akuseka."