Zitsulo Zisanu ndi Zinayi za Ababa

Zitsulo zokokera ngolo zimene amisiri ena ankawotcherera pafakitale zinkangothyoka, ndiye bwana anauza injiniya watsopano kuti afufuze kawotchereredwe koyenera. Tsoka ilo, injiniyayo anali mwana wamkazi wa mkulu wa amisiri, munthu amene zaka makumi atatu wakhala akuyenda chifuwa patsogolo chifukwa chimene wawotcherera iye sichithyoka.

"Ababa, tiwotcherera zitsulo zisanu ndi zinayi," anatero mtsikanayo, akuyala pepala la mizere patebulo. "Chilichonse moto wake, liwiro la dzanja lake, kaziziritsidwe kake. Tikazithyola pamakina, masamu atiuza njira yabwino."

"Njira yabwino ndikuuza pompano, osathyola kanthu."

"Papepala palibe malo olembapo zimenezo. Ichi choyamba: moto wochepa, dzanja lothamanga, kenako m'madzi ozizira."

"Iii! Chimenecho chithyoka!"

"Eya, chithyoke."

Mkuluyo anakweza chophimba kumaso n'kumuyang'anitsitsa mwana wake. Sukulu yonse ija, kukaphunzira kuwononga zitsulo!

"Ndiye ukuti ine, ndi manja angawa, ndiwotcherere zoipa mwadala?"

"Zitatu zoipa, zitatu zapakatikati, zitatu zabwino. Mwina."

"Anzangawa akuona?"

"Akhoza kutembenuka."

Mkuluyo anawotcherera ndithu, koma mtima unakana. Moto ukachepa, dzanja linkazengereza lokha. Moto ukachuluka, dzanja linkathawa. Pokaviika m'madzi ankayamba wafunafuna mbano, wakanda m'mutu, wafunsa mwana wake za amayi kunyumba, mpaka chitsulo chitapola bwinobwino.

Masana mtsikanayo anabwera kuchokera kumakina othyolera, nkhope ili gwa.

"Ababa, zonse zalimba."

"Ehee!"

"Zonse mofanana. Choyamba chija ngati chomaliza."

"Wamva, iwe?" mkuluyo anakuwira mmisiri wina amene sanafunse n'komwe.

"Munatsatira pepala?"

"Mzere ndi mzere," ananama mkuluyo mosaphethira.

"Basi ndilemba zimene masamu anena." Anatulutsa cholembera. "Moto ulibe ntchito."

"Ha?"

"Liwiro la dzanja lilibe ntchito. Kaziziritsidwe kalibe ntchito."

"Ayi, dikira kaye. Zimenezo zili ndi ntchito kwambiri!"

"Manambala akukana, ababa. Mwawotcherera mwanjira iliyonse, zalimba. Ndiye kuti aliyense akhoza kuwotcherera mmene wafunira."

"Aliyense? Nanga zija zinkathyoka zija?"

"Ndilemba kuti mwina chitsulo chake chinali choipa."

"Mwana iwe, zalimba chifukwa wawotcherera ndine!"

Mtsikanayo anayendetsa chala papepala, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso.

"Inu mulibemo, ababa. Muli moto, liwiro ndi kaziziritsidwe."

"Ndilembemo!"

"Mizere yake yatha."

Apa mkuluyo anachita mantha enieni. Anamuona bwana m'maganizo akuwerenga lipotilo, akugwedeza mutu, akufunsa kuti mkulu wa amisiri ngwachiyani ngati ntchitoyi angaithe ndi mlonda wa pageti yemwe. Zaka makumi atatu, kufufutidwa ndi mwana womubereka yekha, mwaulemu wonse!

"Lipotilo lipita liti?"

"Mawa m'mawa."

Mkuluyo anatsitsa chophimba kumaso kuti phaa, n'kuyatsa makina.

"Katenge zitsulo zina zisanu ndi zinayi. Uitanenso anzangawa adzaonerere."

"Mutani nazo, ababa?"

"Ndiwotcherera zoipa zoti fakitale ino sinazionepo, bwana wakoyo adziwe kuti pano pali katswiri!"